Kulandira gulu la mishoni lochokera kunja: malangizo kwa mipingo ya ku Salima ndi Nkhotakota

Kalata ikafika yoti Akhristu a ku America, Scotland kapena Korea akufuna kudzatumikira kwanu kwa masabata awiri, musayankhe tsiku lomwelo. Yambani mwakhala pansi ndi akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano kapena a Mothers' Union, ndi atsogoleri a achinyamata. Funso likhale limodzi: ndi ntchito iti imene tinaiyamba kale tokha, yoti anthu ena atabwera kudzaikapo dzanja ingasunthe? Mpingo wopanda yankho umangolandira chilichonse chimene alendo anaganiza ali kwawo, ndipo mapeto ake tchalitchi chimapakidwa penti kachiwiri pamene chimbudzi chakuseri chinagwa ndi mvula ya chaka chatha.

Mukagwirizana, lembani ntchito zosapitirira zitatu, yofunika kwambiri ikhale pamwamba. M'kalata yomweyo afunseni kuti abwera angati, amuna angati ndi akazi angati, a misinkhu yanji, aliyense amadziwa ntchito yanji, ndani ali ndi matenda ofuna mankhwala tsiku ndi tsiku, ndiponso ndani sadya nsomba, mtedza kapena nyama. Za mtedzazi musazitenge mwachibwana. Alipo anthu amene akalawa nsinjiro pang'ono pokha amatupa kummero mpaka kubanika, ndipo ndiwo zotendera kuno timaphika osaganizira n'komwe.

Gulu labwino ndi la anthu 8 mpaka 12. Likapitirira 15 mufunika minibasi ziwiri, omasulira ambiri ndi zipinda zimene mwina kulibe, ndiye abusa amathera masabata awiri onse akuthamangira za mayendedwe m'malo moweta nkhosa. Zokambirana ziyambe kudakali miyezi 6. Dziwitsaninso akuluakulu anu msanga: a CCAP ku presibitale ndi ku Sinodi ya Nkhoma, a Anglican ku Dayosizi ya Lake Malawi, a Katolika ku Arkidayosizi ya Lilongwe, ena onse ku likulu lawo. Alendo obwera mwakachetechete, odziwika ndi munthu mmodzi yekha, ndiwo amagawanitsa mipingo.

Abwere mwezi wanji

Kuyambira May mpaka August ndiyo nthawi yabwino. Mvula yatha, misewu ya m'midzi yauma, anthu akolola ndipo ali ndi mpata wobwera kumisonkhano. Koma ndi nyengonso ya mwera, choncho za kukwera boti muziiwale nyanja ikakwiya. October ndi November kunyanja kuno kumatentha koti mlendo wosazolowera amakomoka ali chiimire padzuwa. Akaumirira miyezi imeneyi, ntchito ya panja iziyamba 6 koloko m'mawa, izitha 11 koloko. Kuyambira December mpaka March akanizeni mwaulemu. Anthu ali kumunda, m'nyumba zambiri chakudya chachepa, udzudzu wachuluka, ndipo mitsinje ikadzaza midzi ina sifikika. Ngati akufuna kuphunzitsa ana, onani kalendala ya sukulu kuti musakokere ana kutchalitchi nthawi ya mayeso.

Mapepala

Lembani kalata yowaitana pa pepala la mpingo, yokhala ndi chidindo, mayina a onse monga alembedwera m'mapasipoti, masiku, malo ogona ndi nambala ya foni ya amene akawalandire. Malamulo a viza amasinthasintha, choncho afunse ku Immigration kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi kutatsala miyezi ingapo, asadalire zimene anachita anzawo chaka chatha.

Pakakhala dokotala kapena namwino wofuna kuona odwala, pamenepo pali ntchito. Dokotala ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo zimenezi sizitheka m'sabata imodzi. Mankhwala amene akufuna kubweretsa afunika chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo otsala pang'ono kutha mphamvu asanyamule. Ofesi ya zaumoyo ya boma lanu idziwe tsiku ndi malo, ndipo alangizi a zaumoyo a m'deralo akhalepo. Chifukwa chake n'chosavuta: mayi amene wapezeka ndi BP yokwera n'kupatsidwa mapiritsi a masabata awiri afunika wina womulondola alendo akapita. Popanda zimenezi mwangomuopseza basi.

Katundu wambiri monga makompyuta, zokuzira mawu ndi mabelo a zovala amalipitsidwa msonkho ndi MRA. Funsani za msonkhowo katundu asananyamuke. Zambiri zimene alendo amavutika nazo m'masutikesi zimapezeka ku Lilongwe: makope, mapensulo, mipira, ngakhale Mabaibulo. Baibulo la Chingerezi kumudzi limangokhala pa shelefu. Auzeni abwere ndi ndalama adzagule Buku Lopatulika kapena Buku Loyera ku Bible Society, malinga ndi limene mpingo wanu umawerenga.

Mafumu ndi anansi

Alendo asanafike, abusa ndi akulu awiri apite kwa anyakwawa ndi agulupu kukanena za ulendowu. Ngati padzakhala msonkhano wa pabwalo kapena chomanga chachikulu, nkhani ifike kwa Gogo Chalo, kaya ndi kwa Kalonga, Maganga kapena Khombedza ku Salima, kaya kwa Malengachanzi, Mwadzama kapena Kanyenda ku Nkhotakota. Apolisi nawonso adziwe. Tsiku loyamba alendo akaonekere kwa mfumu. Aphunzitseni kuvula chipewa, kudikira kuti awaonetse pokhala, ndi kupereka kapena kulandira chinthu ndi manja awiri. Mphatso ya shuga, mchere ndi sopo ipite kudzera mwa nduna, isakhale yotulutsa m'thumba pagulu.

M'maboma awiriwa Asilamu ndi ambiri, ndipo m'mabanja ochuluka mupeza Mkhristu ndi Msilamu akudyera mbale imodzi. Ku Nkhotakota Chisilamu chilipo kuyambira nthawi ya a Jumbe, amalonda a Chiswahili, David Livingstone asanafike n'komwe pansi pa mkuyu pamene anakumana ndi Jumbe mu 1863. Alendo ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amabwera ndi maulaliki okonzera kwawo otchula zipembedzo zina mwachipongwe. Auzeni mosabisa kuti pano timalalikira Khristu popanda kunyoza mneneri wa ena, chifukwa iwo akakwera ndege, ife titsala ndi anansi athu pamjigo. Zokuzira mawu zisayang'ane kumzikiti, ndipo Lachisanu masana musaike msonkhano wa pabwalo. Mukaitana mudzi wonse kuchakudya, mbuzi ndi nkhuku achinje Msilamu, nkhumba isaoneke. Kukapereka moni kwa a shehe n'kwanzeru, makamaka ngati chimene mukumanga, monga mjigo, adzagwiritsa ntchito onse.

M'midzi ya Achewa muwachenjezenso za gule wamkulu. Kumanda ndi kudambwe sikopita, ndipo akakumana ndi gule panjira apatuke, asatulutse foni kuti ajambule.

Kuchokera pabwalo la ndege

Kuchoka pa Kamuzu International Airport kukafika ku Salima pa msewu wa M14 ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri. Kuchoka pa Salima kupita ku Nkhotakota pa M5 ndi makilomita oposa 100, ndipo malo ena msewu ndi wopapatiza, wodzaza njinga za kabaza ndi mbuzi. Mdima umagwa cha m'ma 6 koloko. Ndege ikatera madzulo, agone ku Lilongwe, anyamuke m'mawa. Gulu la anthu 12 limabwera ndi masutikesi oposa 20, omwe sangakwane m'minibasi pamodzi ndi eni ake, choncho konzani galimoto yachiwiri ya katundu. Musanachoke mu mzinda dzazani mafuta, chifukwa pali nthawi zina pamene mafilingi a kunyanja amauma. Komweko agule simu ya Airtel kapena TNM, pasipoti ili m'manja popeza polembetsa amaifuna, ndipo asinthe ndalama kubanki kapena kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata a m'mbali mwa msewu.

Pogona, madzi ndi chakudya

Kaya agona kunyumba ya abusa, kumalo ogona alendo a ku Senga Bay kapena pa boma la Nkhotakota, pitani nokha mukaone zipinda kutatsala sabata. Bedi lililonse likhale ndi neti yopanda chiboo, yotalika mokwana kupisa pansi pa matiresi. Onani ngati zitseko zikukhomeka. Amuna ndi akazi akhale ndi mabafa osiyana. Pachimbudzi pakhale chivundikiro, pepala, ndi chigubu cha madzi ndi sopo panja. Magetsi a ESCOM amathima, choncho aliyense abwere ndi tochi.

Munthu wogwira ntchito padzuwa la kunyanja amamwa malita 4 kapena 5 patsiku. Kwa anthu 12 ndiye kuti zigubu zitatu za malita 20 tsiku lililonse, akumwa okha. Madziwo akhale ogula m'mabotolo, owiritsa, kapena othira WaterGuard monga mwa malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30 asanamwe. Otsukira mano akhale omwewo. Sankhani munthu mmodzi woti ntchito yake ikhale madzi basi, chifukwa chikasiyidwa kwa onse chigubu chimadzazidwa pachitsime ndi mwana wosadziwa.

Musavutike kuphika zachizungu. Mpunga wa kuno, nsima, nyemba, nkhuku, chambo, mazira, masamba ophika bwino, nthochi ndi mbatata n'zokwanira. Kondowole alaweko kamodzi, koma asakhale wa tsiku ndi tsiku. Pa anthu 20, kuphatikizapo omasulira ndi dalaivala, mpunga wa makilogalamu 2 ndi theka umakwana chakudya chimodzi, nkhuku zachikuda zinayi. Chimene chimagwetsa alendo si nsima ayi. Ndi kabichi ndi tomato wosaphika wotsukidwa ndi madzi wamba, mpunga wa masana wotenthetsanso madzulo, ndi beseni limodzi losambiramo m'manja anthu onse. Thirirani madzi ndi jagi, aliyense asambe ndi sopo. Wina akatsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Akaona magazi m'chimbudzi kapena thupi likatentha, ameneyo ndi wa kuchipatala.

Amayi ophika alipidwe, ndipo malipirowo alowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Kudzuka 4 koloko masiku 14 si chinthu chongothokoza ndi chitenje. Ndipo alendo asamadye okha m'nyumba eni mpingo ali panja. Patebulo pazikhala anthu a mumpingo mosinthana.

Nyanja ndi matenda

Mlendo aliyense akaona nyanja amafuna kusambira. Muuzeni zoona: m'madzi osayenda, a m'bango ndi pamadooko pamene anthu amachapa, muli nkhono zofalitsa likodzo. Amene walowa m'madzi akauze dokotala wake akabwerera kwawo, popeza mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amagwira bwino patapita masabata 6 mpaka 8, osati tsiku lotsatira. Kumathiriro a mitsinje monga Bua ndi Linthipe, komanso ku Chia, kuli ng'ona ndi mvuu. Asodzi a pamalopo ndiwo amadziwa posambira, ndipo madzulo kapena mbandakucha palibe wolowa m'madzi.

Malungo kuno alipo chaka chonse. Mankhwala oteteza ayambe kumwa asananyamuke kwawo monga awauzira dokotala, ndipo apitirize akabwerera. Amene akumwa doxycycline khungu lake limapsa msanga ndi dzuwa, choncho chipewa asachisiye. Wina akatentha thupi musaganizire, pitani naye akayezedwe tsiku lomwelo. Dziwiranitu njira ya ku chipatala cha boma cha Salima, cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, ndipo usiku galimoto igone pafupi ili ndi mafuta. Opita kukaona nyama ku Nkhotakota Wildlife Reserve avale zovala zazitali zosakhala zakuda kapena zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imakopa kashembe, amene amafalitsa kaodzera.

Womasulira

Apa ndi pamene ulendo wonse umakomera kapena kuonongekera, koma mipingo yambiri imangotola mnyamata amene anakhoza Chingerezi pa MSCE. Kudziwa Chingerezi n'kosakwanira. Afunika munthu wodziwa Baibulo la Chichewa pamtima, wa mawu omveka, amene mpingo umamulemekeza. Pamisonkhano ya amayi womasulira akhale mayi, apo ayi nkhani za m'banja sizituluka. Kumene ambiri amayankhula Chiyao kapena Chitonga, monga m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ndi cha ku Dwangwa, pezani wodziwa zinenerozo.

Usiku woti mawa kuli ulaliki, mlaliki ndi womasulira akhale pansi aone mavesi ndi zitsanzo zonse. Chitsanzo cha chipale chofewa, cha ngongole ya nyumba kubanki kapena cha galu wogona pabedi achichotse, apeze china cha kumunda kapena cha pa bwato. Mlaliki aziyankhula chiganizo chimodzi n'kuima. Ulaliki wa mphindi 20 ukamasuliridwa umakhala wa mphindi 40, choncho muuzeni nthawi yake poyera. Vesi lisamasuliridwe kuchokera pakamwa pa mlendo, liwerengedwe m'Baibulo lathu. Munthu mmodzi sangamasulire tsiku lonse, mutu umatopa. Pa magulu atatu ogwira ntchito zosiyana mufunika omasulira osachepera anayi, ndipo nawonso alipidwe.

Abusa aone zimene alendo akufuna kuphunzitsa zisanafike pa guwa. Nkhani za ubatizo, malilime ndi machiritso mipingo imasiyana, ndipo chisokonezo chobwera ndi mlendo chimatenga zaka kuti chithe. Pologalamu ikhalenso ndi nthawi yoti alendo akhale pansi n'kumvetsera: ulaliki wa abusa anu, kwaya, kuyendera odwala pamodzi ndi amayi, mapemphero a m'milaga.

Ngati pali chomanga

Kapitawo akhale mmisiri wa kuno, alendo akhale othandizira. Musachotse amisiri ndi aganyu pantchito chifukwa kwabwera ogwira ulere. Maziko akumbidwe ndi kuthiridwa alendo asanafike, ndipo simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi mabuloko zikhale zili pamalo, apo ayi masiku atatu oyamba amathera kudikira lole. Chosakaniza chomangira khoma ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu a mchenga. Mchengawo ukhale wa mumtsinje, wokhakhala, wopanda dothi. Kuti muuyese, finyani wonyowa m'dzanja: ukagwirana n'kusiya matope pachikhatho, ndi wosayenera. Khoma ndi konkire zithiriridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa simenti isanalimbe, kenako ming'alu. Pa pulasitala wosauma musalole penti, ngakhale alendo afunitsitse chithunzi cha nyumba yomalizidwa. Pentiyo amasupuka pakangotha miyezi ingapo. Matabwa a denga apakidwe mankhwala a chiswe, ndipo amangiriridwe kukhoma ndi waya wolowa m'mizere ingapo ya mabuloko, chifukwa mphepo ya kunyanja imasasula denga lonse lathunthu.

Chimbudzi cha m'dothi la mchenga chimagwa mvula yoyamba ngati dzenje silinamangidwe ndi njerwa kuchokera pansi. Dzenje lozungulira limalimba kuposa la makona anayi. Chikhale kutali ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndiponso kumunsi kwake. Za mjigo, alendo asakumbitse popanda ofesi ya zamadzi ya boma ndi komiti ya mudzi yotolera ndalama zogulira marabala ndi ndodo za pampu ya Afridev. Mjigo wopanda komiti umafa tsiku limene rabala yoyamba yatha.

Musayambe nyumba imene ndalama zake zikuthera pa lintala. Kuli bwino kanyumba kamodzi kakang'ono koma komalizidwa.

Ana ndi zithunzi

Mlendo asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, m'galimoto kapena kunyanja. Pagulu lililonse la ana pakhale aphunzitsi a Sande sukulu awiri a mumpingo. Pemphani mtsogoleri wa alendo atsimikize m'kalata kuti onse anafufuzidwa kwawo ndipo alibe mlandu wokhudza ana. Kujambula odwala, ana osavala, kapena amayi akusamba kunyanja n'koletsedwa, ndipo chithunzi chilichonse chopita pa Facebook mwini wake avomere. Maswiti oponya pawindo la minibasi amathamangitsira ana mumsewu. Akazi avale chitenje kapena siketi yopitirira mawondo, ndipo amuna asalowe m'tchalitchi ndi kabudula.

Ndalama ndi mphatso

Ndalama za ntchito zilowe mu akaunti ya mpingo, osati ya munthu, ndipo osayinira akhale osachepera awiri. Msungichuma asunge malisiti onse, ngakhale a tomato alembe m'kope. Bajeti ilembedwe m'makwacha ndi m'madola, ndipo muikemo gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi, popeza mtengo wa simenti ndi mafuta sudikira munthu. Mpingo nawo uikepo chake chooneka, kaya mchenga, nkhuni, mpunga kapena manja, ndipo chilembedwe mu bajetimo. Chinthu chimene anthu anathirapo thukuta amachisamala.

Lengezani m'tchalitchi Lamulungu loti alendo afika sabata yamawa kuti palibe wopempha foni, fizi kapena nsapato payekha. Alendonso auzidwe kuti asapereke kanthu kwa munthu mseri, ndipo asalonjeze. Mawu oti "tikaona" kuno amamveka ngati lonjezo, ndipo banja limadikira chaka chonse. Zopempha zonse zipite kukomiti, imene imadziwa wamasiye weniweni ndi ndani. Zovala ndi zina zimene asiya zigawidwe iwo atapita, poyera, motsata mndandanda.

Maliro akagwa m'mudzi, pologalamu ya tsikulo yafa. Nyundo isamveke, zokuzira mawu zizimitsidwe. Tengani alendo awiri kapena atatu mukakhale nawo pasiwa, amuna kwa amuna, amayi kwa amayi, ndipo chipepeso chipite kudzera kwa mfumu. Pachifukwa chimenechi, pa masiku 14 siyani awiri opanda chochita.

Akamapita

Kutatsala tsiku limodzi, komiti ndi atsogoleri a alendo akhale pansi okha. Muwerengetse ndalama, mulembe zimene zatsala, ndani azimaliza ndi liti. Anenereni zimene sizinayende, mwaulemu koma osazungulira, chifukwa gulu la chaka chamawa lidzabwereza zomwezo mukangoti zonse zinali bwino. Mayina a amene anatembenuka mtima kapena kupempha mapemphero agawidwe kwa akulu a milaga, ndipo ayenderedwe sabata yomweyo isanathe. Sankhani munthu mmodzi wolemberana ndi alendowo m'dzina la mpingo, ndipo pakatha miyezi itatu atumize lipoti ndi zithunzi za ntchito monga ilili, yatha kaya sinathe. Akumbutseninso kuti aliyense amene atenthe thupi atafika kwawo, ngakhale patapita miyezi, auze dokotala kuti anali kudera la malungo.